Woyeza Madzi pa Chiromo

M'mamawa, dzuwa lisanayambe ukali wake,
ndimatsikira kumtsinje ndi kabuku ka chikuto chonyowa.
Thabwa la manambala laima m'matope
pomwe Ruo amagwera mu Shire,
uyu wofiira, uyo wakuda,
kuyenda limodzi kamtunda ndithu asanalolane.
Ndimawerenga: mamita anayi, masentimita khumi ndi awiri.
Ndimalemba. Ndimatumiza pafoni ku Blantyre.
Kenako, poti wondiona ndi ng'ona ndi kakowa basi,
ndimavula chipewa.

Mwana wanga Esinta ali Folomu 4 ku Bangula.
Tchuthi chathachi anandipeza nditagwada pagombe.
Akuti: Bambo, mvula siimva maondo anu.
Imabadwira kunyanja yamchere, kuseri kwa Mozambiki,
dzuwa likawotcha madzi, nthunzi n'kukwera,
mphepo n'kuyamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona.
Anandijambulira pamchenga ndi phesi la mapira,
mivi, mizere, diso la namondwe pakati.
Zinali zoona zonse.
Ndinachita manyazi kumuuza
kuti poyang'ana mchengawo
Ameni anandifika pakhosi.

Abusa Fombe nawonso ali ndi masamu awo.
Chaka cha madzi aakulu analalikira pamsasa
kuti Mulungu watikwapula chifukwa cha kachasu ndi chigololo.
Ndinakhala kumbuyo, kabuku m'thumba.
Ndinkadziwa kuti inagwa masiku atatu ku Mulanje ndi ku Thyolo,
pamapiri amene nkhwangwa inawameta mpala,
kuti madzi safunsa wochimwa ndani,
amangofuna kotsetsereka.
Ife tili kunsi. Mlandu wathu ndi womwewo.
Sindinatsutse. Ndinaimba nawo nyimbo yotsekera.

Usiku uja thabwa linamira lonse,
nambala yomaliza inalowa m'madzi tochi ili pomwepo.
Foni inalibe netiweki.
Ndinathamangira kutchalitchi
kukamenya chitsulo cha tayala la thirakitala
chimene timaitanira anthu Lamulungu.
Anadzuka, ena akuyesa kwagwa zovuta,
nakwera panjanji yakale, mbuzi paphewa, ana kumsana.
Tandiuzani tsono, anawadzutsa ndani,
thabwa limene linandiuza ine
kapena belu limene iwo anazolowera kulimvera?

Koma Tchale, mwana wa Nyamadzawo,
amene anali atangoguluka mano awiri akutsogolo,
tinakamupeza tsiku lachinayi m'mabango a ku Makhanga.
Kabuku kanga kakudziwa msinkhu wa madzi amene anamutenga.
Sikadziwa chifukwa chake iye, osati ine.
Abusa akuti akudziwa.
Ine pamenepo sindiwakhulupirira.
Amake atandiyang'ana ndinalibe nambala,
ndinalibe vesi,
ndinangotenga khasu kukathandiza adzukulu
kukumba dothi limene linali lisanaume.

Esinta akufuna kukaphunzira za nyengo.
Ndagulitsa thonje lonse ndi thole limodzi.
Madzulo ndimamupempherera kuti akhoze Fizikisi,
iye akamva amaseka m'chipinda mwake,
koma sanandiuzepo kuti ndisiye.
Tsiku lonyamuka, pokwera bwato la Zuze,
anandifunsa ngati ndinam'tchulanso dzulo.

Lero madzi atsika ndi masentimita asanu ndi anayi.
Udzudzu wa usiku ukadali m'makutu,
thukuta layamba kale kudontha papepala.
Sindidziwa ngati kwinakwake kuli kabuku kena
momwe dzina la Tchale linalembedwa mosalakwitsa,
ndi dzanja losanjenjemera ngati langali.
Masiku ena ndimatero ndi mtima wonse.
Masiku ena ndimangoona madzi akupita ku Zambezi.
Koma nambala sindinainamizepo,
ngakhale tsiku limene malungo anandigoneka
ndipo ndikanatha kungolemba ya dzulo.
Ndinakwawa, ndinafika, ndinawerenga.
Ndinati ngati Iye alipo
ndipo mtsinjewu ndi wake,
sangakondwe ndi munthu wounamizira.

Mamita anayi, masentimita atatu.
Foni yalira kuti uthenga wapita.
Chipewa chikadali m'manja.